Luzi Pamwamba pa Bondo

Kwathu amuna a mtundu wathu ankayambira kumapazi kufa. Anthu a midzi ina amapita ndi chifuwa, ena ndi mowa, ena ndi pakamwa pawo pomwe, koma ife imfa inkatilowera pansi ngati chiswe. Inkayamba ndi katumba. Munthu ali pakati pa njira, khasu lili paphewa, katumba n'kungomugwira ngati wina wamufinya ndi dzanja. Akaima pang'ono ululu unkatha, akayendanso unkabwerera. Pakapita zaka phazi linkazizira, zala zinkada ngati makala, ndipo zotsatira zake sindifuna kuzithamangira.

Mankhwala ake tinali nawo, mwa nzeru zathu zomwezo. Mwamuna akangodandaula katumba, abale ankasenda luzi la mombo n'kumumanga zolimba pantchafu, pamwamba pa bondo, ati matendawo asakwere kukafika kumtima. Akatero ankamukhomera mpando wa ndalema n'kumukhazika pakhonde. "Mwendo wodwala sauyendetsa," ankatero, "ukauyendetsa umakwiya." Ndiye pakhonde la kwathu panali mzere: bambo anga ndi ang'ono awo awiri, aliyense pampando wake, aliyense ndi luzi lake, akupichira fodya wa chingambwe kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kulowa kwake. Ndinakula ndikuwayatsira fodyayo, ndipo nanenso ndinamuphunzira pomwepo. Bambo anga anapita nawo kuchipatala pangolo phazi litayamba kununkha. Sanabwereko.

Wanga katumba anandigwira imvi zisanayambe n'komwe. Ndinabisa nyengo yonse yolima, koma achemwali anga, a Edesi, maso awo sankaphonya kanthu.

"Achimwene, mwaima kangati pobwera kudimba?" anandifunsa.

"Ndimayang'ana mbalame."

"Mbalame zake ziti? Khalani pansi apa ndikumangeni."

Ndinakhala, anandimanga. Ankamanga akulira, akukoka luzi ndi mano kuti ligwire bwino, poti ankandikonda. Luzilo ndinalilola, chifukwa ndinkaopa kwambiri kuti chinthucho chingakwere. Koma m'mawa mwake ndinaona alamu anga akutulutsa mpando wa bambo, akuukhomera chiguduli chatsopano. Ndinadziwa kuti mpandowo akukonzera ine. Ndinati ndikupita kuthengo, ndipo thengo lake ndinayenda nalo zaka zimene sindinaziwerenge.

Malo oyamba amene ndinakhalitsa anali chidikha cha mpunga, kumene madzi ankayenda m'ngalande zokumba anthu. Kapitawo wa ngalandezo anali a Tsokalida, munthu wamfupi wolankhula ngati akukalipa ngakhale pokupatsa moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso awo n'kukaima pamwendo wakumanzere.

"Mwendowo watani?"

"Palibe, bambo. N'kayendedwe kanga."

"Kayendedwe koipa. Tenga fosholo."

Ntchito inali yochotsa matope. Tsiku loyamba ndinayamba kukumba pamene ndinaima, pangalande yowongoka bwino, ndipo a Tsokalida anandiseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ukukumba chiyani pamenepo? Ika dzanja m'madzimo."

Ndinaika. Madzi ankandisisita chikhatho mbali imodzi, mosalekeza, mofatsa. Pansi panali poyera, ndipo ndere zinagona zonse moloza kumene madzi akupita, ngati wina wazipesa.

"Madzi oyenda chindunji amasesa okha pakhomo pawo," anatero. "Tiye kuno."

Tinapita pamphambano, pamene ngalande imodzi inkagawika pawiri. Apo madzi anali osokonezeka ngati mkamwini amene apongozi awiri amuitana nthawi imodzi. Ankapita, n'kubwerera, n'kuzungulira pakona. Nditaikamo dzanja ankandimenya uku ndi uku. Ndere zapamenepo zinali zopotana, matope ataunjikana, ndipo khoma la ngalande linali litadyeka.

"Apa ndi pokhota paliponse, ndiye pako," anatero a Tsokalida. "Ngalande siifa powongoka. Imafera pamphanda."

Ndinakumba pamphanda nyengo zingapo za mpunga. Ndinkayenda mtunda wautali tsiku lililonse kutsata ngalandezo, katumba akandigwira ndinkaima ngati ndikuyang'ana madzi, akandisiya ndinkapitirira. Luzi likafumbwa ndinkasenda lina n'kumanga pomwepo, molimba kuposa kale. Koma a Tsokalida, ndi ukali wawo wonse, anali ndi chisoni. Tsiku lina anandiitana pachitseko chotsekera madzi.

"Ndakuona. Ukuvutika. Kuyambira mawa uzikhala pano, uzingotsegula ndi kutseka. Ndakupezera kampando."

Kanali kampando kabwino, ka miyendo itatu. Ndinathokoza ndi manja awiri. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditadutsa kale munda womaliza wa mpunga.

Panjira imeneyo m'pamene ndinawaona koyamba malemu bambo anga. Kunali masana, dzuwa lili paliwombo, ndipo iwo anali pansi pa mtengo wa mthethe m'mbali mwa msewu, pampando wawo, utsi ukukwera. Sindinadabwe. M'zaka zimenezo zinthu zinkangobwera choncho. Sanandipatse moni, anangoloza mwendo wanga ndi ndudu yawo.

"Chafika pati?"

"Chikadali pansi, bambo."

"Khala pansi, mwanawe. Ukuchiputa."

Ndinadutsa osacheuka.

Kenaka ndinafika patauni ya msika, imodzi mwa matauni aja amene amadzuka tsiku limodzi pamlungu, masiku enawo n'kumangoyasamula. Kuseri kwa msika kunali a Zakeyu, opha nkhumba, munthu wamkulu thupi wa mawu aang'ono. Nawonso anayamba ndi funso lomwelo.

"Mwendowo watani, achimwene?"

"Palibe. N'kayendedwe kanga."

"Bola manja ali bwino. Gwirani mwendo wa nkhumbayi."

Ndinaphunzira kuwaula, kutumbula ndi kugawa nyama. Ndinkapitanso kumidzi kukagula nkhumba n'kubwera nazo wapansi, ine ndi nkhumba tonse tikuima kawirikawiri, aliyense pa zifukwa zake. A Zakeyu anali ndi chizolowezi chimodzi. Akatumbula, ankasolola mtsempha waukulu uja wotsata msana, n'kuung'amba m'litali ndi nsonga ya mpeni, ati poona m'menemo amadziwa mmene nkhumba inakhalira moyo wake.

"Gwirani umu," anandiuza tsiku lina. Inali nkhumba ya kumudzi, yoyenda yokha m'madambo. Mkati mwa mtsemphawo munali moterera ngati mkati mwa tsaya.

Tsiku lomwelo tinapha ina, yaikazi yokalamba, imene inakulira m'khola kuseri kwa malo odyera, ikudya zotsala za mafuta osatulukamo. Ataung'amba mtsempha wake anandionetsa timabowo timene mitsempha ing'onoing'ono imapatukira. M'mbali mwa kabowo kalikonse munali zachikasu, zokhakhala, ngati phala louma m'mphepete mwa mbale. Powongoka panali posalala ndithu.

"Nthawi zonse zimayambira popatukira," anatero a Zakeyu. "Musandifunse chifukwa chake, ine ndine wa mpeni chabe."

Ine chifukwa chake ndinkachidziwa, kapena ndinene kuti dzanja langa linkachidziwa. Ndinaima ndi mtsempha uja m'manja, ntchentche zikunditera, ndikuganiza za mphanda zimene zili m'mwendo mwanga. Tsiku limenelo nyama sindinaidye.

Patauni imeneyo ndinatsala pang'ono kukhala munthu. Panali mayi wina, Nangondo, amene ankakazinga nyama pachiwaya pafupi ndi ife. Anali wamasiye, wa pakamwa pakuthwa, ndipo ankanditcha "a Imani-kaye" chifukwa cha kayendedwe kanga. Ankandisungira tinyama topsa bwino. Posakhalitsa ndinapezeka ndikumukonzera denga, kenaka ndikudya kwake, kenaka anthu n'kumatitchula pamodzi. Luzi analiona, anafunsa, ndinamuuza kuti n'zakwathu, ndipo sanafunsenso. Ndinamukonda mkazi ameneyo, ndikunena poyera.

Tsiku lina la msika ndinabwera ndi nkhumba kuchokera kutali, mwendo ukukoka. Ndinapeza Nangondo ataima pakhomo akumwetulira, manja kumbuyo ngati mwana wobisa chinthu.

"Bambo a kuno, tsinzinani."

Ndinatsinzina. Anandigwira dzanja n'kupita nane pakhonde.

"Penyani tsopano. Ndakugulirani kwa akalipentala. Mwavutika mokwanira, nkhumba azikatenga ena. Inu muzikhala apa, ine ndizikuonani ndili pachiwaya."

Unali mpando wa ndalema, wopaka vanishi, chiguduli chake chamizeremizere. Ndikanamufotokozera, mwina akanauwotcha pachiwaya pomwepo, poti sanali mkazi woumirira zinthu. Koma mantha alibe pakamwa. Ndinati ndikukatsuka mipeni kumtsinje, ndipo ndinamva akundiitana kuti ndibwere ndi sopo pobwerera.

Bambo anga ndinawapeza patsidya pa mlatho. Ulendo uno mpando wawo unali wopaka vanishi.

"Chafika pati?"

"Pansi pomwe, bambo."

"Wasiya mkazi chifukwa cha mpando. Ndiwe chitsiru."

Apo sananame.

Zaka zotsatira sindizikumbuka bwino mndandanda wake. Ndinapyola midzi ya fumbi lofiira ndi midzi ya miyala, ndinasenza matumba, ndinaweta mbuzi za eni. Mtunda umene ndinkayenda katumba asanandigwire unkafupika chaka ndi chaka. Kale ndinkaona phiri n'kunena kuti ndikaima patsinde pake, tsopano ndinkaona mtengo. M'mudzi uliwonse pankakhala khonde lina lokhala ndi amuna okhala pansi, ndipo ndinkadutsa ndikuyang'ana kumbali.

Ndinakafika kudera la mapiri, kumene anthu ankathirira kabichi ndi tomato ndi mapaipi akuda otsika kuchokera ku akasupe. Kumeneko ndinagwira ntchito kwa a Lifeyo, nkhalamba yokonza mapaipiwo. Iwo sanafunse za mwendo, poti maso awo anali atachita khungu pang'ono. Anangomva kapondedwe kanga.

"Phazi limodzi likulemera," anatero. "Tiyeni, paipi yaphulika kumtunda."

Alimi akumeneko anali ndi kachitidwe kawo. Akafuna kuchepetsa madzi opita kwa mnzawo wakumunsi, ankamanga paipi ndi mphira, kuifinya kuti ipyapyale. A Lifeyo ankatukwana mibadwo yawo yonse akapeza mphira yotero.

"Gwirani apa," anandiuza, atandiikitsa dzanja kutsogolo kwa mfundo. Paipi inkanjenjemera ngati muli njuchi. "Mwamva? Madzi akapanikizika potuluka amapenga. Amakanda khoma mkati, amasiya zinyalala, ndipo paipi imafera pomwepa, chala chimodzi kuchoka pamfundo. Womangayo amati wasunga madzi. Wapha paipi yake yomwe."

Masana amenewo ndinakhala pamwala ndekha n'kukwinya buluku. Pansi pa luzi khungu linali litachita mkwasa wakuda, wolowa ngati njira ya ngolo. Ndinatulutsa mpeni, ndinauika pansi pa luzi. Dzanja linakana. Ndinkamva mawu a achemwali anga, ndinkaona chinthu chija chikukwera, chikudutsa bondo, ntchafu, mimba, chikukafika pamtima usiku umodzi wokha. Mpando ndinauthawa, luzi ndinalisunga, ndipo akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndinabweza mpeni m'thumba. Povala nsapato m'pamene ndinaona kuti chala chaching'ono chasintha mtundu, ndipo nditachitsina sindinamve kanthu.

A Lifeyo sanandipatse mpando. Anamwalira m'nyengo yozizira, ana awo anagulitsa zipangizo, ndipo ine ndinatsika phiri. Bambo anga anali pamphambano ya misewu. Sanafunse kanthu ulendo umenewo. Anangoyang'ana nsapato yanga, n'kusendeza mpando wawo pang'ono ngati akundipatsa malo.

Mzinda umene ndinafikako unali ndi chipatala chachikulu chophunzitsirako madokotala. Ndinapeza ntchito yotsuka timbale tagalasi m'chipinda china chozizira, choyera mopweteka m'maso. Mwini chipindacho anali Mayi Kalinde, dokotala wofufuza za mitsempha ya magazi, mayi woonda wosakonda mawu ambiri. Patebulo pawo panali kamakina kopopa madzi ofiirira kudzera m'timapaipi, usana wonse, kakulira ngati njiwa yakutali.

Tsiku lina anandipeza nditaima ndikukayang'ana.

"Mukufuna kuona, bambo? Bwerani."

Anandikhazika diso pamakina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anandiuza kuti mkati mwa mtsempha uliwonse muli kansalu kopyapyala kwambiri, kopangidwa ndi tizidutswa tamoyo totchedwa maselo, ndipo iwo ankameretsa maselowo pagalasi n'kumawayendetsera madzi pamwamba, kutsanzira magazi.

Pagalasi loyamba ndinaona tinthu tatitali, tosongoka, tonse titagona moloza mbali imodzi, togundana bwinobwino ngati matemba oyanika mwaluso.

"Awa madzi amawadutsa chindunji, mosalekeza," anatero. "Amamva kukhudza kwake. Selo lililonse limamva. Akasisitidwa mbali imodzi amagona motere, amagwirana zolimba, ndipo amatulutsa mankhwala ofewetsa mtsempha ndi oletsa magazi kuundana."

Anasintha galasi. Apa tinthuto tinali tobulungira, tosokonekera, tina titasiyana mipata.

"Awa ndinawaikira chotchinga kuti madzi azizungulira. Sadziwa koloza. Amatupa, amachita zomata, amasiya mipata, ndipo mafuta a m'magazi amalowa pamipatapo n'kuunjikana mkati mwa khoma. Utsi wa fodya ukawonjezera, ndiye basi. Mtsempha umayamba kutsekeka."

"Pamphanda," ndinatero.

Anandiyang'ana. "Inde, pamphanda ndi pokhota. Ndi pena paliponse pamene mtsempha wapanikizika." Kenaka anayang'ana mwendo wanga. "Bambo, ndakhala ndikukuonani mukuyenda. Mwendowo watani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zija ndinkanena kulikonse. Sizinatuluke. Ndinakwinya buluku.

Mayi Kalinde sanali munthu wokweza mawu, koma tsiku limenelo anakweza.

"Mayo ine! Anakumangani ndani chimenechi?"

"Achemwali anga, mayi. Kuti chisakwere."

"Chikwere chiyani? Palibe chimene chikukwera, bambo! Ndi magazi amene akulephera kutsika. Njira yake yachepa kale, inu n'kuimanganso?"

Anatenga sizasi. Ndinawagwira dzanja, ine wotsuka mbale kugwira dzanja la dokotala.

"Mayi, ndikafa?"

"Simufa ndi sizasi iyi. Ndisiyeni."

Luzi linaduka ndi kaphokoso kakang'ono. Ndinatseka maso kudikira kuti chinthu chija chithamangire kumtima. Ndinadikira. Kamakina kankangolira patebulo, ndipo panja wina ankakankha chikuku cha mabotolo.

Anandigoneka pabenchi n'kuyamba kufufuza ndi nsonga za zala. Pamphechepeche anapeza kugunda. Kuseri kwa bondo anafufuza nthawi yaitali, n'kunena kuti mwina. Pamwamba pa phazi sanapeze kanthu.

"Ndani anakuuzani kuti muziyenda?" anafunsa.

"Palibe. Kwathu amati tizikhala pansi. Ine ndinkangoopa mpando."

"Mantha amenewo ndi okhawo amene anakuchitirani zabwino. Tamverani. Msewu waukulu ukatsekeka, magazi amakankhira m'tinjira tating'ono ta m'mbali. Munthu akamayenda, kukankhako kumakula, maselo a m'tinjirato amamva, ndipo timayamba kutakasuka pang'onopang'ono. Akakhala pansi, timakhala momwemo. Tanu tatakasuka bwanji, sindikudziwa. Fodya mumusiye lero. Mapiritsi ndikupezerani. Koma chala ichi sindikukunamizani, tachedwa nacho."

Fodya ndinamusiya, ngakhale ndinkamulota. Mapiritsi ndinamwa. Ndinkazungulira mpanda wa chipatala m'mawa uliwonse, kufika pamene katumba wandigwira, kuima, n'kuyambanso, monga ndinkachitira moyo wanga wonse, kungoti tsopano wina anali atandiuza kuti si uchitsiru. Kwa kanthawi ndinkafika patali kuposa kale, ndipo ndinayamba kuganiza za tauni ija ya msika. Kenaka nsapato inandinyula pachala chija. Bala lake linali laling'ono ngati njere ya mapira. Silinapole. Chala chinada, chinzake chinatsatira, ndipo m'mawa wina ndinamva fungo limene ndinalidziwa kuyambira ubwana.

Anandigoneka m'chipinda cha amuna odikira mpeni. Bedi loyandikana nalo linali la a Kamphulusa, amene kale ankayendetsa njinga ya kabaza, munthu wanthabwala ngakhale bulangete lawo linali lophwa mbali imodzi kuyambira m'chiuno.

"Mwabwera kudzachepetsako katundu, achimwene?" anandilonjera motero.

Sindinaseke.

"Pepani. Koma mverani kwa ine amene ndadutsamo. Nkhani yonse ili pabondo. Akakusiyirani bondo, amakupangirani mwendo wovala, mumayenda, ena mpaka amapalasa njinga. Akadula pamwamba ngati ine, pa msinkhu wathu uno, ndiye mwakwatira mpando. Ine ndikudikira wa matayala."

Madzulo ake kunabwera dokotala wodula, bambo wamtali wotopa m'maso, Mayi Kalinde ali pambuyo pake. Ndinafunsa funso limodzi lokha.

"Adokotala, mudula pati?"

"Phazi silipulumuka, bambo, limenelo mulitsanzike. Za bondo sindingalonjeze. Ndiyamba pansi pake. Ndikacheka mnofu n'kuona ukuchucha magazi ofiira, ndiye kuti ndi wamoyo, bala lidzapola, ndisiyira pomwepo. Ukakhala wouma, ndikwera."

"Mukwera mpaka pati?"

"Mpaka pamene ndipeze magazi."

Ndinayang'ana Mayi Kalinde. Sanandinamize ndi nkhope.

"Zili kwa tinjira tija," anatero. "Mawa tidziwa."

M'mawa anandikankha pabedi la matayala kudutsa m'khonde lalitali. Ndinkawerenga nyali zakudenga n'kumasokoneza. Ndinkaopa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Ndinaganiza za misewu yonse imene ndinaponda, fumbi lake, nkhumba zokana kuyenda, mapiri, ndipo ndinkaifunsa ngati inandilipirako kanthu kapena inangondidya. Wina anandiika chinthu pamphuno n'kundiuza kuti ndipume kwambiri.

Ndinadzuka dzuwa litapendeka, kukhosi kuli gwa, m'kamwa mukuwawa. Ndinali pabedi langa lija. Kuchokera m'chiuno kutsika ndinkangomva moto umodzi waukulu, wosadziwika poyambira ndi pothera. Zala zakuphazi zinkandiyabwa, zala zimene ndinkadziwa kuti kulibe, ndiye thupi silikanandiuza zoona. Bulangete anali ataliika pa kachitsulo kokhota kuti lisakhudze bala, moti poyang'ana sindikanadziwa kanthu.

"Mwadzuka?" anatero a Kamphulusa. "Anamwino sananene kanthu. Ndafunsa, akuti mufunse adokotala."

Ndinagona chagada ndikuyang'ana denga. Dzanja langa linali pamimba, ndipo linkalemera ngati la munthu wina.

"Pisani dzanja, achimwene. Kudikira n'kopweteka kuposa."

"Ndikuopa."

"Ndikudziwa. Pisani."

Ndinalowetsa dzanja pansi pa bulangete. Ndinapeza chiuno. Ndinatsika pantchafu pang'onopang'ono, ndikuyembekeza kuti paliponse nsalu zomanga bala ziyamba. Khungu linkapitirira. Ndinatsikanso, mpweya nditaugwira, mpaka zala zinagunda fupa lobulungira, lolimba, lofunda. Ndinalizungulira ndi chikhatho chonse. Nsalu zinayambira pansi pake.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa a Kamphulusa, atadzuka ndi chigongono.

"Lilipo."

"Lilipo?"

"Lilipo, achimwene. Likutentha."

A Kamphulusa anaomba m'manja n'kuyamba kuitana odwala ena kuti amve, kenaka anatembenukira kukhoma. Ine misozi inkatsikira m'makutu. Ndinakoka mpweya n'kuyesa kulipinda bondolo. Ululu wake unandikuwitsa mpaka namwino anabwera akuthamanga, akukalipa kuti ndani wandiuza kuti ndizigwedeza mwendo tsiku lomwelo. Ndinamupepesa, ndinalonjeza kuti sindichitanso. Atangotembenuka, ndinalipindanso.